Moreover ndi furthermore sangakupatseni credit paokha

Funso lachokera kwa mtsikana wina wa ku Chinamwali: "Aphunzitsi, ine ndikubwereza Fomu 4 ku open school, chaka chatha English ndinapeza 8 nde ndikufuna credit kuti mwina ndikalowe ku Domasi. Vuto langa ndi chimangirizo. Anatipatsa mndandanda wa ma linking words ndinaloweza onse ndipo ndimawaika paliponse, koma pepala likabwera aphunzitsi amalemba ndi cholembera chofiira kuti mfundo sizikulumikizana. Ndikulakwitsa pati? Kapena ndiloweze ena owonjezera? Ndime ina imene ndinalemba ndi iyi: Lake Chilwa is important to the people of Zomba. Moreover, it dried up in 2018. Furthermore, many fishermen lost their income. Nevertheless, the price of matemba went up. Although the government helped but people suffered."

Achemwali, mwachita bwino kutumiza ndime yeniyeniyo, chifukwa ambiri amangoti English ikundivuta basi nde munthu umasowa poyambira. Apa vuto likuonekeratu. Ndipo sikuti simudziwa Chingerezi ayi, mwininkhani alipo, mneni alipo, ma tense simunasokoneze. Chalakwika nchakuti mawu olumikizawo mukuwaika ngati zokongoletsera, mukuganiza kuti wochonga akaona furthermore agoma nkukupatsani malikisi, pomwe liwu lililonse pa mndandanda umene munalowezawo lili ndi ntchito yake, limauza owerenga kuti chiganizo chikubwerachi chili pa ubale wanji ndi chimene changothacho. Zili ngati indiketa ya galimoto. Dalaivala akayatsa ya kumanzere pa mphambano yopita ku Matawale kenako nkukhotera kumanja, wa kabaza ali pambuyo pakeyo agwa basi, bola akanangokhala osayatsa nkomwe. Aphunzitsi anu akaona moreover akuyembekezera mfundo ina yothandizira yoyamba ija, inu nkuwapatsa yotsutsana nayo. Cholembera chofiira chija chikuchokera pamenepo.

Tayesani ichi. Ndime yanuyo ineneni m'Chichewa ndendende mmene mwailembera. Nyanja ya Chilwa ndi yofunika kwa anthu a ku Zomba. Kuwonjezera apo, inauma mu 2018. Kuwonjezeranso apo, asodzi ambiri anasowa ndalama. Ngakhale zili choncho, matemba anakwera mtengo. Mungawauze choncho amayi anu kunyumba? Angakufunseni ngati mutu ukuyenda bwino. Mmene mungayankhulire inu ndi mmene tonse timayankhulira: Chilwa ndi yofunika, koma inauma mu 2018, nde asodzi anasowa pogwira, komanso matemba anakwera mtengo. Mwaona? Koma, nde, komanso. Simunaganize nkomwe, zangobwera zokha ndipo zonse zili m'malo mwake. Ndekuti luso lolumikiza mfundo muli nalo kale, mwakhala nalo chiyambire kuyankhula, limangothawa mukagwira cholembera chifukwa maso ali pa mndandanda uja m'malo mokhala pa zimene mukunena.

Nde funso lanu loti muloweze ena, yankho ndi ayi. Amene muli nawowo achuluka kale. Chofunika ndi kuwaika m'magulu malinga ndi mlumikizi wa Chichewa amene mukumudziwa. A gulu la komanso ndi and, also, in addition, besides, moreover, furthermore. A gulu la koma ndi but, yet, however, although, whereas, nevertheless. A chifukwa ndi because, since, as, ndipo a nde kapena choncho ndi so, therefore, as a result, consequently. A kenako ndi then, after that, later, finally. Basi, otsalawo ndi a zitsanzo ngati for example ndi such as, omwe savuta kwenikweni. Musanalembe liwu lolumikiza dzifunseni chamumtima kuti apa ndikunena komanso, koma, chifukwa, nde, kapena kenako? Mukayankha limenelo ndiye musankhe la Chingerezi. Ndime yanu ija ikanakhala chonchi: Lake Chilwa is important to the people of Zomba. However, much of it dried up in 2018. As a result, many fishermen lost their income and the price of matemba went up. Taonani kuti alumikizi akuluakulu achepa, ziganizo ziwiri zalowa pamodzi ndi and wamba, koma ndime ikuyenda.

Za nevertheless ndinenepo pang'ono poti mumamukonda. Ameneyu si koma wamba, amagwira ntchito pamene chinthu chachitika chikhalirecho panali chifukwa chokwanira choti chisachitike. The road was flooded. Nevertheless, the nurses reported for duty. Msewu unasefukira, munthu ungayembekezere kuti anamwino sapita, koma anapitabe. Ka "be" kameneko ndi kamene nevertheless amanyamula. Kukwera mtengo kwa matemba nyanja itauma sikodabwitsa, ndi zimene aliyense amayembekezera, nchifukwa chake pamenepo sanayenere.

Tsopano chiganizo chanu chomaliza, chimenechi ndi chimene ndikufuna tikhalepo nthawi chifukwa ndi cholakwika chimene ndimachipeza pafupifupi m'kalasi iliyonse, ngakhale m'makalata a anthu a ma digiri. Although the government helped but people suffered. M'Chichewa timati ngakhale boma linathandiza koma anthu anavutika, ndipo palibe cholakwika, ngakhale ndi koma amayendera limodzi bwinobwino kwathu kuno. Chingerezi sichilola zimenezo. Although akalowa but atuluke, but akalowa although atuluke. Mulembe kuti Although the government helped, people suffered. Kapena The government helped, but people suffered. Musankhe chimodzi. Chifukwa chake nchakuti although yekha wanena kale kuti kukubwera zotsutsana, ndipo gawo limene iye watsogolera limakhala lodalira linzake, siliima palokha, nde mukaikanso but ku gawo lachiwirilo mwatsala opanda gawo loti chiganizo chitsamirepo. Chitsanzo choti muzichikumbukira poti ndi nkhani ya kwathu konkuno: Although the capital moved to Lilongwe in 1975, Parliament remained in Zomba until 1994. Pakati pali comma basi, palibe but. Ndipo matenda omwewa amagwiranso because ndi so. Poti timati chifukwa mvula inagwa nde sitinapite, ana amalemba Because it rained so we did not go. Ayi. Because it rained, we did not go, kapena It rained, so we did not go.

Pali nkhani ina imene aphunzitsi ambiri akamapereka mndandanda uja saifotokoza, yoti mawu a tanthauzo lofanana sakhala ndi malamulo ofanana. But, although ndi however onse ndi a gulu la koma, koma simungangochotsa mmodzi nkulowetsapo mnzake zizindikiro zili zomwezo. And, but, so, or ndi yet amatha kumanga ziganizo ziwiri kukhala chimodzi, mumangoika comma patsogolo pawo: I studied hard, but I failed. Although, because, while, when, if ndi unless amatsogolera gawo lodalira lija. Pomwe however, therefore, moreover, consequently ndi nevertheless alibe mphamvu yomanga ziganizo ziwiri, ngakhale amaoneka akuluakulu chonchija. Nde mukalemba I studied hard, however I failed, mwalakwitsa, ndipo ochonga cholakwika chimenechi amachiona msanga kwambiri. Cholondola ndi kutseka chiganizo choyamba ndi full stop, nkuyamba china ndi However kenako comma: I studied hard. However, I failed. Semicolon imathekanso pamalo pa full stop paja, koma ine ndimawauza ana anga kuti ngati semicolon simunaizolowere isiyeni, full stop siinamulepheretsepo munthu mayeso.

Pa gulu la because lija pali msampha wina. Poyankhula munthu akakufunsa kuti bwanji sunabwere, umangoti chifukwa fizi inakwera, ndipo zamveka. Ana amatengera zomwezo m'chimangirizo: Many girls dropped out of school. Because the fees were high. Gawo lachiwirilo si chiganizo, ndi chidutswa chabe, chikufunika kumatidwa ku chinzake: Many girls dropped out of school because the fees were high. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene panachokera lamulo lija timauzidwa ku pulayimale loti osayamba chiganizo ndi because, aphunzitsi ankatopa ndi zidutswazi nde anangoletseratu. Koma si lamulo la Chingerezi ayi. Mutha kuyamba ndi because bola mumalize ganizolo, Because the fees were high, many girls dropped out.

Despite nayenso wagwetsa ambiri, makamaka pa mafunso osankha yankho aja. Tanthauzo lake ndi lomwe la although, koma chimene chimabwera pambuyo pake nchosiyana. Although amatsatiridwa ndi mwininkhani ndi mneni, although it was raining. Despite amatsatiridwa ndi dzina kapena mneni wothera ndi ing, despite the rain, despite being tired. Nde mutha kunena Although it was raining, the vendors at Zomba market continued selling, kapena Despite the rain, the vendors at Zomba market continued selling, koma Despite it was raining kulibe. Despite of kulibenso, ameneyo ndi mwana wobadwa posakaniza despite ndi in spite of, of uja ndi wa in spite basi. Mukakakamira kuika chiganizo chonse pambuyo pa despite pamafunika the fact that, zomwe zimangotalikitsa nkhani, bola although. Because ndi because of amasiyananso chimodzimodzi, because the river flooded koma because of the floods.

Ena ndingowadutsa mwachangu. So ndi so that si amodzi, so ndi nde, zotsatira, pomwe so that ndi kuti, cholinga. She left early, so she caught the minibus ndekuti anaipezadi minibasiyo, pomwe She left early so that she could catch the minibus tangouzidwa cholinga chake, kaya anaipeza kaya ayi sitikudziwa. Unless ndi pokhapokha, ndipo not ali kale m'kati mwake, nde Unless you don't pay mwatembenuza nkhani, cholondola ndi Unless you pay, you will not sit for the examination. Whereas ndi pomwe, poyerekeza zinthu ziwiri, Zomba Plateau is cool, whereas the Lake Chilwa plain is hot.

Koma pali anayi amene ndikufuna muwasamale chifukwa Chingerezi chimene timayankhula m'tauni muno chinawapatsa ntchito zina. Woyamba ndi otherwise. Tikakumana pa depoti timati otherwise zikuyenda? kapena otherwise ana ali bwino, ndipo pocheza palibe vuto. Polumikiza mfundo m'chimangirizo otherwise amatanthauza kupanda kutero, apo ayi: Farmers must plant early. Otherwise, they will harvest little. Wachiwiri ndi whereby, amene pa wailesi ndi m'misonkhano amalowa paliponse, we went to Songani whereby we bought tomatoes. Pamenepo pakufunika where basi. Whereby amatanthauza njira imene chinthu chimachitikira, a system whereby parents pay in instalments, ndipo kunena zoona mutha kulemba mayeso onse osamugwiritsa ntchito olo kamodzi, palibe angakufunseni. Wachitatu ndi at last, amene ana amaika pa mfundo yomaliza poganiza kuti ndi mnzake wa lastly. Si choncho. At last muli mpumulo wa munthu amene wadikira mpaka kutopa, At last the results were released, pomwe mfundo yomaliza pa mndandanda ndi lastly kapena finally. Wachinayi ndi on the contrary, amene amasokonezedwa ndi on the other hand. On the other hand mukuonetsa mbali ina ya nkhani, zonse ziwiri ndi zoona, Boarding schools give students more time to study. On the other hand, they are expensive. On the contrary mukukana zimene zanenedwa nkunena kuti zoona zake ndi zosemphana nazo, The test was not difficult. On the contrary, it was very easy. Kawirikawiri chiganizo chimene chimabwera on the contrary asanalowe chimakhala ndi not.

Tsono chimene chimasiyanitsa chimangirizo cha 7 kapena 8 ndi cha credit, mmene ine ndimaonera, si kuchuluka kwa mawu amenewa. Olemba bwino amalumikiza ziganizo zambiri popanda linking word ndi imodzi yomwe. Amachita bwanji? Amayamba chiganizo chatsopano ndi kanthu kotengedwa m'chiganizo chapitacho, kaya ndi mlowam'malo ngati it, they, she, kaya ndi this kapena these kuphatikiza dzina lofotokoza zimene zangonenedwa. Taonani apa: Zomba was the capital of Malawi until 1975. In that year the seat of government moved to Lilongwe. This change did not empty the town. It still keeps the National Archives, the National Statistical Office and the University of Malawi. Mulibe moreover, mulibe furthermore, koma in that year wagwira 1975, this change wagwira kusamuka kuja, it wagwira the town, chiganizo chilichonse chagwira chinzake dzanja. Ka njira ka this ndi dzinaka ndi kamphamvu zedi, this problem, this decision, these losses, this practice, chifukwa kamakukakamizani kuganiza kuti kodi zimene ndangonenazi ndi chiyani kwenikweni, vuto, chisankho kapena chizolowezi. Chenjezo lake ndi loti they kapena it azidziwika kuti akuimira ndani. Mukalemba The teachers met the parents and they were angry, wakwiya ndani, aphunzitsi kapena makolo? Pamenepo bwerezani dzina basi, kubwereza dzina si tchimo.

Ndipo pena vuto silikhala la mawu nkomwe, limakhala loti mfundozo sizigwirizana kuchokera pachiyambi. Ngati ndime imodzi muli usodzi, mwalowetsamo za mimba za atsikana, kenako za misewu, palibe furthermore amene angazimange. Ndime imodzi mfundo imodzi, chiganizo choyamba chinene mfundoyo, zotsatirazo zifotokoze, zipereke chifukwa kapena chitsanzo. Nchifukwa chake mphindi zochepa zija zolemba pulani musanayambe sizotaya nthawi, mukasanja mfundo bwino alumikizi ambiri amangobwera okha ngati mmene anabwerera m'Chichewa muja.

Muziyang'ananso mtundu wa chimangirizo. Ngati mwasankha nthano kapena nkhani yofotokoza zimene zinachitika, ma moreover ndi ma furthermore alibe malo, palibe amene amasimba za tsiku limene anakumana ndi akuba nkumati furthermore they took my phone. Mmenemo mukufunika a nthawi, when, as soon as, a few minutes later, meanwhile, by the time. Meanwhile kumbukirani kuti ndi zinthu ziwiri zochitika nthawi imodzi, osati kenako. Lipoti, sipitchi ndi nkhani ya mtsutso ndi kumene firstly, in addition, however ndi therefore amakhala kwawo. Olo kumeneko, mmodzi kapena awiri pa ndime akwana, osati chiganizo chilichonse kuyamba ndi liwu lalikulu ndi comma, owerenga amatopa. Ndipo mukayamba ndi firstly pitirizani ndi secondly, osati firstly kenako ziii mpaka in conclusion. Komanso therefore ndi lonjezo lalikulu, mukamulemba mukunena kuti chikubwerachi chikutuluka m'zimene ndanena kale, nde bwererani muone ngati zikutulukadi mmenemo. Ma ofesi a MANEB ali konkuno ku Zomba inde koma sakondera ana a pakhomo kkkk, therefore wopanda chifukwa amudula basi.

Zoyeserera zake sizifuna ndalama. Pezani The Nation kapena The Daily Times olo yakale, ngakhale imene anakulungira zinthu ku msika, mutsegule pa ndemanga ya mkonzi kapena nkhani ya maganizo. Mnzanu adetse ndi cholembera mawu onse olumikiza, inu muwerenge nkumalota kuti apa panali liwu lanji, poyamba m'Chichewa, koma kapena nde kapena komanso, kenako la Chingerezi. Mukapeza gulu lolondola olo liwu lenilenilo mwaphonya, mwakhoza. Mudzadabwanso kuona kuti alumikizi amene atuluka kwambiri ndi but, and, so ndi because, ang'onoang'ono omwe ana amawanyoza aja. Njira ina ndi yotenga chimangirizo chanu chakale, mufufute ma linking words onse, muwerenge mokweza, nkubwezeretsa okhawo amene pakusowekadi kanthu popanda iwo. Ndipo tengani ziganizo ziwiri zilizonse, monga The bridge was damaged ndi The pupils went to school, muzilumikize ndi but, kenako although, kenako however, kenako despite, uku mukuyang'ana mmene comma ndi full stop zikusunthira. Mukachita zimenezi ndi ziganizo zosiyanasiyana kwa masabata angapo dzanja limazolowera lokha.

Zimenezi zikuthandizaninso pa comprehension ndi summary, osati chimangirizo chokha. Mukamawerenga passage muzilemba mzere kunsi kwa however, but, yet ndi therefore aliyense. Wolemba akayamba ndi Many people believe that kenako nkubwera However, maganizo ake enieni ali pambuyo pa however, zoyambazo amangozitchula kuti azitsutse, ndipo ana ambiri amataya malikisi poyankha ndi gawo loyambalo. Pa summary, chilichonse chotsatira for example, for instance kapena such as nthawi zambiri ndi chitsanzo chabe, mutha kuchisiya nkusunga mawu anu owerengeka aja kuti mulembere mfundo zikuluzikulu.